Tayammam m'mbali mwa nyanja

Aliyense amene adayendapo pa msewu wa M1 kuchokera ku Chilumba, kudzera pa Ngara ndi pa boma la Karonga mpaka kukafika ku chipata cha Songwe, adakumana nazo galimoto zimene tikufuna kukambapo. Ndi mapikapu okalamba: Toyota Hilux za dizilo za m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, Nissan Hardbody, Isuzu KB, ndipo mwa apo ndi apo ka Nissan 1400, kamene ku South Africa adasiya kukapanga mu 2008 koma kuno kakugwirabe ntchito ngati sikadamve uthengawo. Zimasenza mpunga wa kilombero wochokera ku Hara, ku Wovwe ndi ku Lufilya, usipa wouma wa m'madoko, njerwa, chinangwa, ndi anthu okhala pamwamba pa zonsezi. Kwa ife Asilamu a m'boma lino zili ndi ntchito ina yoposa pamenepa. Ndife ochepa, ndipo tidamwazikana m'midzi ndi m'madoko otalikirana. Jeneza imene ku Mangochi kapena ku Nkhotakota imayenda pa mapewa kuchokera pakhomo mpaka kumanda, kuno kawirikawiri imayamba ulendo wake kumbuyo kwa pikapu, chifukwa m'bale wathu wabwerera kwa Allah ali ku chipatala cha pa boma, kwawo kuli kutali, ndipo chipembedzo chathu chimatiphunzitsa kuti maliro asachedwe. Amayi opita ku ijtima, ana a madrasa opita ku mpikisano wa Qur'an, mbuzi za pa Eid, zonse zimakwera momwemo.

M'galimoto yotere muli kachinthu kamene mwini wake sakaganizira mpaka tsiku limene kamugoneka panjira. Amakanika amakatcha kebulo ya akisileta, madalaivala amangoti kebulo ya moto. Ndiyo imene imatenga mawu a phazi la dalaivala kukawatula ku injini. Mukatsegula boneti mudzaiona ikutuluka pa khoma lachitsulo lolekanitsa injini ndi mokhala dalaivala, ikukhota mofatsa, n'kukathera pambali pa injini. Kunja kwake ndi chubu chakuda chonenepa ngati pensulo. Chubucho si cha pulasitiki yekha: m'kati mwake muli chitsulo chopota ngati sipuling'i, ndipo m'makebulo ambiri mulinso kachubu kena kosalala. M'menemo ndimo mumayenda waya weniweni, amene si waya mmodzi ayi, koma timawaya tambiri topotedwa pamodzi monga momwe asodzi amapotera chingwe cha chilimira. Kumapeto onse awiri kuli timitu tachitsulo, kena kokola pa chopondera moto, kena kokola ku injini.

Nzeru imeneyi siidayambire pa galimoto. Imadziwika ndi dzina la Ernest Bowden wa ku London, amene adailembetsa mu 1896, chaka chotsatira chija Mlozi adagonjetsedwa ku Mpata, ndipo idatchukira pa mabuleki a njinga. N'chifukwa chake mnyamata wa kabaza akaona kebulo ya Hilux sadabwa nayo. Ndi mkulu wake wa ija ili pa handulo ya njinga yake. Chofunika kuchimvetsa n'chakuti waya amatha kukoka, koma sangathe kukankha. Dalaivala akaponda, waya amakoka kamkono ka ku injini. Pa injini ya petulo kamkonoko kamatsegula kachitseko ka m'kabuleta kuti mpweya ndi mafuta zilowe zambiri. Pa injini ya dizilo kali pa pampu, ndipo kamaiuza pampuyo kuti ithire mafuta ochuluka. Dalaivala akachotsa phazi, palibe chimene iye amachita kuti moto utsike. Ntchito imeneyo ndi ya sipuling'i yaing'ono imene imabweza kamkono pamalo pake n'kukokera waya m'mbuyo. Choncho kuwonjezera liwiro kuli m'mphamvu ya mwendo wa munthu wamkulu, pamene kulichepetsa kwatsamira pa kasipuling'i kamene munthu amakatambasula ndi zala ziwiri. Chinthu chikagwira waya m'chubu, mwendo umachigonjetsa mosavuta, koma sipuling'i imalephera.

Pa chifukwa ichi kebulo ili ndi imfa ziwiri, ndipo sizofanana. Yoyamba ndi kuduka. Chopondera chimagwera pansi chopanda mphamvu, injini imangolira chapansipansi, galimoto imafooka n'kuima. N'zowawa, makamaka zikachitika pa mtunda kapena mukupitirira lole, koma nthawi zambiri anthu amatsika ali amoyo n'kuyamba kufunafuna mthunzi. Imfa yachiwiri imabwera pang'onopang'ono. Kawaya kamodzi kamaduka, kawirikawiri pafupi ndi kamutu, pamene waya amapindika tsiku ndi tsiku. Kenako kachiwiri, kenako kachitatu. Todukato timanyankhalala ngati ndevu za mlamba. Popita mbali imodzi timagona n'kutsatira anzawo, koma pobwerera timakola m'chubu ngati mbedza. Tsiku lina dalaivala amachotsa phazi, injini osamva. Ikupitiriza kubangula, galimoto ikuthamangira msika wa pa Uliwa, kapena ng'ombe zimene zadzaza msewu madzulo, kapena ana ochokera ku sukulu. Ndi imfa yachiwiriyi imene yatichititsa kulemba.

Dziko la Karonga silichitira kebulo chifundo. Kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala, pophatikiza ndi kwa injini, kumaumitsa pulasitiki wakunja mpaka kung'aluka. M'ming'alumo mumalowa fumbi la m'misewu ya kumidzi. Ikabwera mvula, imene kuno imatha kugwa mpaka mu Epulo ndi Meyi, North Rukuru, Lufilya ndi Songwe zikasefukira, mapikapu amawoloka madzi ofika m'mabampala. Madzi amalowa momwe mudalowa fumbi, ndipo dzimbiri limayamba ntchito yake m'kati mosaoneka. Palinso zifukwa ziwiri zimene ngakhale amakanika ena amaziphonya. Waya wonenepa wa ethi, wolumikiza injini ku thupi la galimoto, akamasuka kapena kudyeka, magetsi a sitata amafuna njira ina yobwererera ku batire, ndipo amaipeza m'kebulo ya moto. Kebulo imatentha, pulasitiki wam'kati amasungunuka, waya n'kumamatira. Mwini galimoto amagula yatsopano, pakatha mwezi yafanso, iye n'kumatukwana wogulitsa. China ndi mipira imene injini imakhalapo, ija amati maunting'i. Umodzi ukaduka, injini imadzuka mbali imodzi pokwera mtunda n'kudzikokera yokha kebulo. Izi si nthano za pa galaja: mu 1971 kampani ya General Motors ku America idaitanitsa galimoto za Chevrolet zoposa 6 miliyoni chifukwa cha vuto lomweli.

Ubwino wa kebulo ndi wakuti siifa mwakachetechete. Chopondera chimayamba kulemera, kapena kumveka ngati muli mchenga. Posintha giya injini imachedwa kutsitsa mawu. Galimoto ikaima imalirabe mokweza mpaka dalaivala atamenya chopondera ndi phazi. Ndipo pali chizindikiro chimene wokwera aliyense wokhala kutsogolo angachione ngakhale sadziwa za injini: dalaivala wolowetsa chala cha phazi kunsi kwa chopondera n'kuchikokera m'mwamba. Ena adazolowera kotero kuti phazi limachita lokha iwo akucheza. Munthu wotero akugwira ntchito ya sipuling'i ndi chala, ndipo akudziwa bwino lomwe kuti kebulo yake ikudwala.

Tisanapitirire, tipereke ulemu kwa oyenera. Amakanika a pansi pa mitengo ya mango m'boma lino, ndi madalaivala amene adaphunzira powaonerera, apulumutsa maulendo osawerengeka. Kebulo ikaduka pakati pa Karonga ndi Chitipa, pa msewu wa makilomita pafupifupi 100 wokwera mapiri, munthu sangakhale pansi kudikira sitolo imupeze. Taona chingwe cha ukonde chitamangidwa pa kamkono ka pampu, kutulukira m'mbali mwa boneti, kulowa pa windo, dalaivala akuwongolera ndi dzanja limodzi, linalo akukoka moto. Taona waya wa buleki ya kumbuyo ya njinga atalowetsedwa m'chubu chakale, kumapeto kwake atamangidwa ndi kachitsulo kolumikizira mawaya a magetsi a m'nyumba. Taona ena akungokweza sikuluu ya moto kuti injini izilira mokwera, n'kuyenda pa giya yoyamba ndi yachiwiri mpaka kufika pamene pali anthu. Zonsezi ndi nzeru, ndipo wodwala amene adafika ku chipatala chifukwa cha chingwe cha ukonde alibe chochinyozera. Funso lathu lili pa tsiku lotsatira, ndi sabata yotsatira, ndi mwezi wotsatira, chingwe chija chikadali pomwepo.

Ife amene ntchito yathu ndi kuphunzitsa ana malamulo a twahara tili nalo dzina la chinthu chotere. Ana a madrasa amaikonda nkhani ya mmene tayammam idabwerera. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adali pa ulendo ndi maswahaba ake pamene mkanda wa Mayi Aisha, Allah asangalale nawo, udaduka n'kutayika. Gulu lonse lidaima kuufunafuna pamalo popanda madzi. Anthu adakadandaula kwa Abu Bakr, bambo awo a Mayi Aisha. Kudacha kulibe chopangira wudhu, ndipo pamenepo idatsika ayah yololeza kudziyeretsa ndi dothi. Atadzutsa ngamira imene mayiwo adakwera, mkanda udapezeka pansi pake. Kachingwe kakang'ono kadaimitsa khamu lonse, ndipo pa kuimako Asilamu tidalandira chifundo chimene tikuchigwiritsabe ntchito. Chilolezocho chili mu Surah An-Nisa, ayah 43, ndi mu Surah Al-Maidah, ayah 6.

Koma chifundochi chidabwera ndi malire, ndipo malirewo ndiwo timatherapo nthawi m'kalasi. M'madh-hab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife m'mbali mwa nyanjayi tidakuliramo, ndi m'timabuku toyambira ngati Safinatun Najah, nkhani yake imayenda motere. Munthu sachita tayammam asanafunefune madzi. Saichita nthawi ya Swala isanakwane. Tayammam imodzi imaswalitsa Swala ya faradhi imodzi yokha. Ikafika ina afunefunenso madzi, akawasowa achite ina. Madzi akakhala ogulitsa pa mtengo wake wa nthawi zonse, iye ali ndi ndalama zoposa zofunika pa ulendo wake, ayenera kugula. Ndipo madzi akangooneka asanayambe kuswali, tayammam yatha pomwepo, ngakhale adaichita mosamala chotani. Palibe mwana wa ku Kaporo kapena ku Ngara amene angamenye manja pa dothi nyanja ikuwomba mafunde kuseri kwa nyumba, iye ali bwinobwino, n'kuyembekeza kuti mwalimu amuyamikira. Anzake omwe angamuseke.

Chingwe cha ukonde pa pampu ndi tayammam. N'chololedwa pamene kebulo kulibe, n'cha ulendo umodzi, ndipo chimatha mphamvu galimoto ikangofika pamene kebulo ingapezeke. Sitikunena kuti ili ndi lamulo lolembedwa m'mabuku a fiqh. Tikunena kuti maganizo ake ndi amodzimodzi, ndipo maulama adawaika m'mfundo yodziwika yakuti chololedwa chifukwa cha kukakamizika chimayezedwa ndi kukula kwa kukakamizikako, osapitirira apo. Chimene chimativutitsa mtima n'chakuti munthu yemweyo amene sangalole mwana wake kuswali Asr ndi tayammam ya Dhuhr amayendetsa galimoto miyezi 6 ndi waya womanga mfundo, atanyamula ana a anthu ena, akudutsa tsiku ndi tsiku pakhomo pa sitolo zogulitsa zipangizo za galimoto.

Nkhani imeneyi idafikapo pa bwalo la mzikiti wathu. Pali bambo wina wachikulire, wogulitsa mpunga, amene Hilux yake yakhala ngati ya tonse. Sakana maliro, sakana wodwala, ndipo kawirikawiri amathira yekha mafuta. Titakonza ulendo wa ana 14 wopita ku mpikisano wowerenga Qur'an kum'mwera kwa boma lino, mnyamata amene amayendetsa galimotoyo adatikokera pambali Lachiwiri itatha Swala ya Asr.

"Mwalimu, tabwerani mudzaone nokha. Ine kuwauza bambo ndikuchita manyazi, poti galimoto ndi yawo ndipo amatithandiza."

Adatsegula boneti n'kutisonyeza pamene waya amalowa m'chubu. Padali mfundo yolumikiza waya wakale ndi wa njinga, ndipo pambali pake timawaya tinayi tidali titaimirira. Madzulo omwewo tidapita kwa mwini wake pamodzi ndi msungichuma wa komiti. Adatimvetsera mpaka kumapeto, kenako adaseka pang'ono.

"Mwalimu, galimoto imeneyi yapita ku Mzuzu kawiri ndi waya yemweyo, kukwera Chiweta ndi kutsika. Zonse zili m'manja mwa Allah."

"N'zoona, bambo," adayankha msungichuma, "koma anawa makolo awo awaika m'manja mwathu. Tiloleni kebuloyo tigule ndife."

Apa ndi pamene padali povuta. Bamboyo sadazengereze chifukwa cha ndalama. Adamva ngati tikupeza chilema pa mphatso yake. Akuluakulu adati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo ife tidaiviika ponena kuti komiti ikufunako gawo la sawabu za galimotoyo, popeza yatumikira mzikiti zaka zambiri osalandira ngakhale nati imodzi. Adavomera. Kebulo idabwera Lachinayi kuchokera ku Kyela, tsidya la Songwe, ndi m'bale wina wamalonda, ndipo ana adanyamuka Loweruka monga tidakonzera.

Zoti zonse zili m'manja mwa Allah palibe Msilamu angatsutse, koma maulendo awiri a ku Mzuzu sadamulimbitse waya uja; adangomudya. Otsutsa amene mawu awo ndi olemera kwambiri ndi amakanika. Iwo amati si kebulo yatsopano iliyonse imene ili madzi oyera. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amalonda ambiri amabweretsa zimene anthu angakwanitse, ndipo zina mwa izo ndi za waya wofewa ndi timitu tozuka pakangotha masabata ochepa. Amati kebulo yeniyeni yochotsedwa pa Hilux imene idafa ndi matenda ena ingathe kukhalitsa kuposa yatsopano ya m'pepala lowala. Amatinso chubu chikakhala chabwino, chosang'aluka ndi chosapindika, munthu wodziwa akalowetsamo waya watsopano wathunthu, wonenepa moyenera, wopanda mfundo, n'kuikako timitu togwira zolimba, ameneyo wakonzadi galimoto. Tikugwirizana nawo pa zonsezi. Amenewo ndi madzi ndithu, ongotungidwa pa chitsime china.

Malire amene ife tikuika ali pa chilichonse chimene chingakole. Mfundo, kulumikiza mawaya awiri, chubu chophwanyika chokulungidwa ndi tepi, zonsezi zimadikira tsiku lake. Chizolowezi chodula timawaya toimirira ndi pulayazi n'choipa kawiri: totsala timasenza katundu wa anzawo, ndipo todulidwato timapitiriza kumasuka m'kati mwa chubu mmene diso silifika. Kuthira oilo kumafewetsa chopondera masiku ochepa, kenako oiloyo amasonkhanitsa fumbi n'kukhala phala. Makebulo a kachubu kosalala m'kati adapangidwa kuti aziyenda ouma.

Kusintha kebulo si ntchito yaikulu. Makanika wodziwa saitherapo ola lathunthu, ndipo mtengo wa kebuloyo sufika pa wa tayala limodzi latsopano. Popita kukagula nyamulani yakale, chifukwa Hilux zofanana kunja zimasiyana injini, ndipo kebulo ya galimoto ya chiwongolero cha kumanzere siifanana ndi ya zathu za kumanja. Muyerekeze kutalika kwa chubu, kutalika kwa waya wotulukira kunja, ndi maonekedwe a timitu. Musanachotse yakale, jambulani ndi foni njira imene idadutsa. Yatsopano idutse momwemo, yokhota mofatsa, yotalikira ekizozi, yogwidwa ndi timakilipu take, ndipo kalabala ka pa khoma lachitsulo kakhale pamalo pake kuti chitsulo chisadye chubu. Kebulo itachotsedwa ndiyo nthawi yabwino yoyesa kamkono ka ku injini ndi dzanja. Katseguke mosavuta ndipo kabwerere kokha mwamsanga. Kakamachedwa, vuto lili pa sipuling'i kapena pa litsiro la pa kamkonoko, ndipo kebulo yatsopano siingalithetse.

Pa kachitsulo kogwira chubu pafupi ndi injini pali manati awiri, ndipo ndiwo amakhwimitsa kapena kulekerera waya. Waya asiyiridwe kampata kochepa, mamilimita owerengeka, kuti phazi likachoka kamkono kagone pamalo pake penipeni. Wokhwima kwambiri amachititsa injini kulira mokweza, ndipo amakokeka injini ikangogwedezeka. Kenako, injini ili yozima, wina aponde mpaka pansi, wina aone ngati kamkono kakufika kumapeto kwake pa nthawi yomweyo imene chopondera chagunda pansi. Kakafika msanga, mphamvu yonse ya mwendo imathera pa waya ndi timitu, ndipo umu ndi mmene makebulo atsopano amadukira asanakalambe. Aponde ndi kusiya kangapo, mofulumira ndi mwapang'onopang'ono. Pomaliza aone zimene zayalidwa pansi pa mapazi, chifukwa chiguduli chopindika chimagwira chopondera mofanana ndi waya wodyeka.

Ena angadabwe kuti nkhani ya pa galaja yalowa bwanji m'masamba a chipembedzo. Mabuku a fiqh adakamba za zokwera kalekale galimoto zisanabwere. Kwa a Shafi'i, munthu amene ali ndi chiweto, kaya wachikwera, akuchikoka kapena akuchikusa, ndiye amalipa chimene chiwetocho chawononga. A Hanafi ali ndi chitsanzo chimene chikuyandikira kwambiri nkhani yathu, cha khoma limene lapendekera ku njira: mwini wake akachenjezedwa pamaso pa mboni, napeza nthawi yoligwetsa koma osaligwetsa, kenako n'kugwera munthu, mlandu ndi wake. Mu Juni 1993 bungwe la akatswiri a fiqh a m'mayiko a Chisilamu, International Islamic Fiqh Academy, litakumana ku Bandar Seri Begawan m'dziko la Brunei, lidagamula za ngozi za pamsewu. Lidati kutsata malamulo a pamsewu ndi udindo wa chipembedzo, ndipo woyendetsa amasenza zimene galimoto yawononga pokhapokha ngozi itadza ndi mphamvu imene sakadatha kuipewa, kapena chifukwa cha kulakwa kwa wina. Tayala labwino lophulitsidwa ndi chitsulo chosaoneka lingalowe m'gulu limenelo. Waya amene wakhala akubwezedwa ndi chala cha phazi kwa miyezi sitikuona kuti angalowemo bwanji. Khoma lidapendekeka kale, ndipo mboni yake ndi phazi la dalaivala lomwe. Pepala la COF limachitira umboni za tsiku limene galimoto idayesedwa, osati za m'mawa uno. Kupha munthu mosafuna, malinga ndi Surah An-Nisa, ayah 92, kuli ndi dipo loperekedwa kwa abale a womwalira, ndi kafara, imene masiku ano ndi kusala miyezi iwiri yotsatizana.

Obwereka nawonso ali ndi mbali yawo. Chinthu chimene chatha chifukwa cha ntchito imene mwini wake adaloleza, fiqh siikakamiza wobwereka kuchilipa, ndipo kebulo yodyeka ndi kuyenda ili m'gulu limeneli. Koma komiti imene imasonkha za sanda, za chakudya cha pa maliro ndi za dizilo ingathe kuika padera kangachepe ka zipangizo za galimoto imene imanyamula jeneza yake. Mwini galimoto wopereka mwaulere ndi wovuta kumudzudzula, ndipo mnyamata wolembedwa ntchito amaopa kutaya nsima yake. Thumba laling'ono lotere limachotsa manyazi onse awiriwa, chifukwa wonena vuto amabwera ndi mankhwala ake m'manja.

Tsokalo likagwa, moto n'kukana kutsika galimoto ikuyenda, pali dongosolo limene dalaivala ayenera kulidziwa pamtima, poti nthawi yoganiza siikhalapo. Aponde kilatchi ndi kuchotsa giya. Injini idzabangula moopsa, koma mphamvu yake siifikanso ku matayala. Aponde buleki mwamphamvu n'kugwiritsitsa, osapopa, chifukwa pa injini ya petulo yotseguka moto wonse, mphamvu yothandizira mabuleki imatha akangopopa kawiri kapena katatu. Apatukire kumbali, ndipo azimitse injini potembenuza kiyi kamodzi kokha; akaibweza mpaka kumapeto n'kuizula, chiwongolero chimadzitseka galimoto ikuyendabe. Pa mtsetse wautali ngati wa Chiweta, kumene giya ndiyo imathandiza mabuleki, galimoto yochotsedwa giya iimitsidwe pomwepo, osati kuilekerera itsetsereke pofuna malo abwino oimapo.

Galimoto za masiku ano zilibe kebulo imeneyi. Hilux za injini ya D-4D, zimene zidayamba kufala cha m'ma 2005, chopondera chake chili ndi kachipangizo ka magetsi kotumiza uthenga ku kompyuta, kompyuta n'kulamula mafuta. Sikadyeka ngati waya, ndipo pakakhala vuto kompyuta imachepetsa yokha mphamvu ya injini. Koma kakafa muli kumudzi, chingwe cha ukonde sichithandiza, ndipo galimoto imadikira munthu wa makina oyezera. Sitili m'gulu la amene amati zakale zonse zidali zabwino. Tikungoona kuti, malinga ndi mmene ndalama ikuyendera, mapikapu okalambawa tikhala nawo zaka zambiri zikubwerazi, ndipo amaonetsa matenda awo kwa aliyense wofuna kuyang'ana.

Kuyang'anako sikutenga mphindi 5. Injini ikhale yozima, boneti yotsegula. Wina aziponda ndi kusiya, wina aziyang'ana pamene waya amatuluka m'chubu ku injini, kenako awerame ndi tochi ya foni aone pamwamba pa chopondera, pamene anthu ambiri amaiwala. Apititse kansalu pa wayayo, osati chala, poti kawaya koduka kamalasa. Kansalu kakakola, kebulo yayamba kudyeka. Ku mzikiti wathu dalaivala ndi mmodzi wa a komiti amachita zimenezi galimoto isananyamule ana kapena jeneza, ndipo mwini wake tsopano ndiye amayamba kutsegula boneti. Kebulo imene yachotsedwa idakali yathunthu, chifukwa chongolemera, isatayidwe. Ikulungidwe mozungulira motakasuka, osaipinda, isungidwe kuseri kwa mpando pamodzi ndi pulayazi ndi masipanala a 10 ndi 12, kuti yatsopano ikadzaduka usiku m'mapiri a njira ya ku Chitipa, yakaleyo idzafikitse galimoto pa boma.